Katemera wa malungo: kuchoka ku Belgium kukafika ku Phalombe

Mu 2019 Phalombe idali limodzi mwa maboma 11 amene adayamba kubaya ana katemera wa malungo wa RTS,S, wopangidwa ndi kampani ya GSK ku Belgium. Katemerayu ndi wosachedwa kuwonongeka. Ulendo wonse amafunika kukhala pamalo ozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo n'chifukwa chake katundu wotere amabwera pa ndege, pomwe feteleza ndi mafuta zimadzera ku madoko a Beira ndi Nacala.

Kufakitale amalongedza timabotolo m'mabokosi okhuthala, kuikamo mapaketi oziziritsa ndi kachipangizo kamene kamalemba kutentha kwa m'bokosimo usana ndi usiku. Mumlengalenga simukhala vuto kwenikweni. Nthawi yodetsa nkhawa ndi pamene mabokosi atsitsidwa, kaya posintha ndege kaya pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, poti dzuwa la mu Okutobala silidikira mapepala a kasitomu. Choncho mapepala amakonzedweratu ndege isanatere, galimoto ya firiji n'kukhala itaima pafupi. Katundu akafika ku nkhokwe ku Lilongwe, choyamba ndi kuwerenga kachipangizo kaja.

Ambirife timaopa kutentha kokha, koma kuzizira kopitirira n'koopsa kuposa apo chifukwa sikusiya chizindikiro choonekeratu. Kutentha kumadziulula: pa botolo pali kabwalo kokhala ndi kachigamba koyera pakati, ndipo kachigambako kakada kufanana ndi kabwaloko, katemerayo ndi wotaya. Koma botolo likauma ngati ayezi kenako n'kusungunuka, kachigamba sikasintha, chonsecho mphamvu yatha. Mayi amayenda mtunda ndi mwana kumbuyo, mwana n'kulira ndi jakisoni, tsiku n'kulembedwa m'kabuku ka kusikelo, koma chitetezo palibe. Zimenezi n'zopweteka mtima. Ndiye mlangizi wa zaumoyo wodziwa ntchito satenga paketi ya ayezi mu firiji n'kuiponya m'bokosi pomwepo ayi. Amayamba waiika pa tebulo mpaka amve madzi akukhuchumuka m'katimo akaigwedeza.

Chigawo chovuta cha ulendowu chili kuno kwathu. Kuchoka ku chipatala cha boma cha Phalombe, katemera amapita ku zipatala zazing'ono ngati Nambazo ndi Nkhulambe, kumene mafiriji a sola amathandiza magetsi akazima, kenako amakwera njinga kupita ku sikelo za m'midzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola milatho ndi misewu m'mbali mwa phiri la Mulanje, ndipo dera la Nkhulambe lidadukiratu. Bokosi la pa njinga limasunga kuzizira kwa tsiku limodzi kapena awiri basi, pomwe mwana amafunika kubayidwa kanayi: ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22.