Chimfine sichilemera mofanana kwa aliyense

Mwezi wa June ukangolowa, kuno kwa Kasakula timadziwiratu. M'mawa nkhungu imakuta mapiri, madzi a pa mjigo amaluma zala, ndipo ku sikelo mzere umatalika ndi amayi obereka ana otsokomola. M'nyengo yozizira yapitayi chimfine chinafika mwamphamvu. Tsiku lina nditapita kukacheza ndi gulu lina la achinyamata, ndinapeza anthu 9 okha pa gulu la anthu oposa 20. Ena onse anali chigonere kunyumba.

Nkhani inali yomweyo basi. Mtsikana wina anati wamva pa WhatsApp kuti Covid wabweranso, ndipo boma likubisa. Mnzake anawonjeza kuti kukubwera katemera watsopano, ndipo amene adzabayitse sadzabereka. Apo mnyamata wina, amene amagwira pagolo m'timu ya gululi, anaseka. "Alangizi, chimfine n'chiyani? Ine ndimangomwa madzi a mandimu, mawa lake ndili pabwalo."

Ndinawauza kuti onse atatu aphonya. Atsikana aja anali ndi mantha pa zinthu zimene kulibe, pamene mnyamata uja analibe mantha pa chinthu chimene chilipo. Kwa iye, wazaka 17 ndi thupi lamphamvu, n'zoona kuti chimfine n'chamasiku ochepa. Koma akachoka pabwalo amapita kunyumba, ndipo kunyumbako kuli anthu ena.

Pali mayi wina m'dera limene ndimayendera. Sinditchula mudzi wake. Mayiyu ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo anali atasiya kumwa ma ARV kwa miyezi ingapo chifukwa ankadzimva kuti ali bwino, komanso kuchipatala n'kutali. Mwana wake wa Sitandade 6 anabwera ndi chimfine kuchokera kusukulu. Mwanayo anagona masiku atatu, lachinayi anadzuka n'kupita kukatunga madzi. Mayi ake anayamba chimodzimodzi: mutu, kuphwanya m'thupi, kutentha. Koma patatha sabata, m'malo mopeza bwino anayamba kubanika, akamapuma m'nthiti mukubaya. Chimfine chinali chitatsegulira njira chibayo. Anawanyamula usiku pa njinga yamoto, mmodzi akuyendetsa, wina atawagwira kumbuyo kuti asagwe, m'misewu yathu ino mukuidziwa. Anachira, ndipo lero akumwanso mankhwala awo mwandondomeko. Koma anagona m'chipatala masiku ambiri, soya wawo ali pabwalo osapuntha. Kachilombo kamene kanagoneka mwana masiku atatu ndi komweko kanatsala pang'ono kumusiya wamasiye.

Chimfine chake chiti?

M'Chichewa timangoti chimfine, koma pali mitundu iwiri imene tiyenera kuisiyanitsa. Pali chimfine wamba, chija chotuluka mamina ndi kuyetsemula koma munthu n'kumalima ndithu. Ndiye pali chimfine chachikulu, chimene agogo athu amati fuluwenza. Ichi chimabwera mwadzidzidzi. M'mawa uli bwino, masana thupi latentha, mutu ukuwawa, mafupa onse ngati wamenyedwa, chifuwa chouma. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse fuluwenza imadwalitsa kwambiri anthu pakati pa 3 ndi 5 miliyoni, ndipo imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000.

Chimayambitsa matendawa si mphepo yozizira, si fumbi, si kusamba madzi ozizira. Ndi kachilombo kamene kamayenda m'timadontho ta malovu munthu akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akamayankhula. Kamatsaliranso m'manja. Kakalowa m'thupi pamapita tsiku limodzi mpaka masiku 4 munthu asanayambe kudwala, ndipo akhoza kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kuti iye mwini amve kanthu.

Nanga n'chifukwa chiyani chimachuluka kukazizira? Mbali yaikulu ndi mmene ifeyo timakhalira nyengo imeneyi. Timatseka mawindo onse. Timaunjikana pamoto. M'kalasi muli ana 100, mawindo atsekedwa ndi makatoni. M'nyumba yoonetsera mpira pa msika mulibe ndi windo lomwe, anthu akukuwa chigoli pankhope pa anzawo. Mu minibasi yochokera ku Mponela aliyense akukana kutsegula galasi. Pamaliro timagona m'nyumba imodzi usiku wonse tikuimba, m'mawa tonse tisamba m'manja m'beseni limodzi, chikho cha thobwa chikuyenda pakamwa ndi pakamwa. Sindikunena kuti tileke kupita kumaliro, ayi. Ndikungoonetsa njira zimene kachilomboka kamadutsa.

Mantha amenewa si achilendo

Kumapeto kwa chaka cha 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha, fuluwenza yoopsa inafika m'dziko muno, nthawi imeneyo likutchedwa Nyasaland. Inayenda ndi asilikali, amtengatenga obwerera kwawo, ndi anthu ochokera kuntchito kumaiko a kumwera. Padziko lonse mliri umenewo unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni. Kunalibe katemera, kunalibe mankhwala a chibayo, ndipo panalibe amene ankadziwa kachilombo kake.

Mu April 2009 kunabuka mtundu watsopano wa fuluwenza ku Mexico ndi ku America, wotchedwa H1N1. Pa 11 June chaka chomwecho a WHO analengeza kuti ndi mliri wa dziko lonse. Ine ndinali mwana wa ku pulayimale, koma ndikukumbuka dzina limene linkamveka pa wailesi: chimfine cha nkhumba. Dzinali linasokoneza anthu ambiri. Ena anayamba kuopa nyama ya nkhumba, ena n'kumachisokoneza ndi chigodola. Chonsecho chigodola ndi matenda a nkhumba zokhazokha, sagwira munthu, ndipo H1N1 inkafala kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu, osati kudzera m'nyama yophika bwino. Mliriwo a WHO anati watha pa 10 August 2010. Kachilombo kake sikanathe ayi. Kanangokhala m'gulu la tizilombo ta fuluwenza timene timazungulira chaka ndi chaka, ndiye mukamva kuti kwinakwake apeza H1N1, musaganize kuti kwagwa chachilendo.

Za Covid-19 simufunika kuuzidwa, munaziona nokha. Odwala oyamba m'Malawi analengezedwa pa 2 April 2020, ndipo masukulu anatsekedwa miyezi yambiri. Covid ndi fuluwenza ndi tizilombo tosiyana, ngakhale zizindikiro zake zimafanana ndipo kapewedwe kake n'kamodzi.

Pamene pakukhudza HIV

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Pakati pa 2013 ndi 2015, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anachita kafukufuku pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Anatsatira anthu akuluakulu, ena ali ndi HIV ena alibe. Anapeza kuti amene ali ndi HIV ankadwala fuluwenza pafupifupi katatu kuposa anzawo, ndipo mpata woti fuluwenzayo iwafikitse pogonekedwa m'chipatala unali wochuluka pafupifupi kasanu. Awa si a kunja, ndi Amalawi anzathu.

Chifukwa chake n'chodziwika. HIV imafooketsa asilikali a m'thupi. Fuluwenza ikabwera imakanda njira za mpweya, ndipo tizilombo tina toyambitsa chibayo timapezerapo mwayi. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi amene chitetezo chawo chatsika: amene ali ndi HIV koma sanayezetse ndiye sakudziwa, amene anasiya mankhwala, ndi amene angoyamba kumene. Munthu amene akumwa ma ARV tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi bakitirimu ngati anapatsidwa kuchipatala, thupi lake limakhala ndi podzitetezera.

Ndiye kwa anzanga amene muli pa mankhwala, ndikudziwa kuti m'magulu mwathu mulimo ndipo simukakamizidwa kuuza aliyense: chimfine chikakugwirani musadumphitse ma ARV ngakhale tsiku limodzi. Ena amati, "Ndamwa kale panado, mankhwala angachuluke m'thupi." Ayi, imwani zonse. Tsiku lokatenga mankhwala likakwana muli ndi chimfine, pitani ndithu, mutaphimba pakamwa ndi pamphuno, ndipo mukawauze achipatala kuti mukutsokomola. Kwa munthu amene ali ndi HIV, chifuwa chilichonse n'chofunika kuunika ngati si TB, osadikira kuti chithe masabata awiri.

Si a HIV okha. Amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5, agogo, odwala mphumu, shuga kapena mtima, onsewa fuluwenza imawapweteka msanga. Werengani anthu a m'nyumba mwanu. Ndi nyumba zochepa kwambiri kuno zimene mulibe ngakhale mmodzi wa amenewa.

Pali khalidwe lina limene limandinyansa, ndipo ndilinena. Munthu akadwala chimfine nthawi yaitali n'kuonda pang'ono, timayamba kunong'onezana kuti "ndi zomwezi." Zotsatira zake, wodwala amabisala m'nyumba kuopa kuonedwa akupita kuchipatala, mpaka chibayo chitakula. Tinaziona pa Edzi, tinazionanso pa Covid. Chifuwa si chiphaso cha HIV. Chimene chimanena zoona ndi kuyezetsa magazi basi.

Nanga katemera?

Katemera wa fuluwenza alipo padziko lapansi, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1940. Amasinthidwa chaka chilichonse chifukwa kachilomboka kamasintha maonekedwe. Akatswiri a WHO amakumana kawiri pachaka, mu February ndi mu September, kuti asankhe mitundu ya kachilombo yoti ilowe m'katemera wa nyengo yotsatira. Munthu akabayitsa pamatenga pafupifupi masabata awiri kuti chitetezo chikhwime. Satchinga kotheratu, koma amachepetsa mpata wodwala mwakayakaya. Wobaya uja alibe kachilombo kamoyo, choncho sangakudwalitseni fuluwenza, ndipo ndi woyenera kwa amayi oyembekezera ndi anthu amene ali ndi HIV. Abale athu amene ali ku Joni akhoza kukuuzani kuti kumeneko amaperekedwa m'zipatala nyengo yozizira isanayambe. Zoti amatseka mimba ndi bodza.

Kuno kwathu katemera ameneyu sali m'gulu la akatemera amene timapereka ku sikelo. Ngakhale pa mliri wa 2009 uja, katemera anafika kuno mochedwa, mu 2010. Ndiye vuto lathu si lakuti wina akufuna kutibaya mokakamiza. Vuto ndi lakuti katemera amatipeza mochedwa, ndipo akafika timamuthawa. Katemera wa Covid anayamba kuperekedwa mu March 2021, koma mu May chaka chomwecho boma linatentha katemera wokwana 19,610 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Anafika atatsala ndi masiku ochepa, komanso mphekesera zinabweza anthu ambiri.

Koma pali katemera wina amene tili naye m'manja, waulere. Kuyambira mu November 2011 ana a m'Malawi amalandira katemera wa chibayo, wotchedwa PCV, katatu: pa masabata 6, 10 ndi 14. Sateteza fuluwenza, koma amateteza ku tizilombo tina timene timabweretsa chibayo pambuyo pa fuluwenza. Mukafika kunyumba lero, pemphani buku la kusikelo la mng'ono wanu kapena mwana wa achemwali anu, muone ngati malo atatuwo analembedwa. Ngati pali posoweka, bwerani naye.

Chikakugwirani

Gonani kunyumba, imwani madzi ambiri, thobwa, phala, ndipo panado amathandiza mutu ndi kutentha thupi. Ana musawapatse asipirini. Makapusozi ogula pa okala, amoxicillin ndi ena otero, sapha kachilombo ka fuluwenza. Mumangotaya ndalama, ndipo tsiku limene mudzawafunedi adzakhala atafooka. Madzi a mandimu ndi uchi amafewetsa kukhosi, palibe choipa, koma si mankhwala ochiza. Kumbukiraninso kuti kutentha thupi kuno kukhoza kukhala malungo, ndipo kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa.

Potsokomola, tsokomolerani mkati mwa chigongono, osati m'manja mmene mukapatsire moni. Sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati a m'beseni la onse. Tsegulani windo ngakhale kukuzizira, valani juzi. Ngati kunyumba kuli khanda, mayi woyembekezera kapena wodwala, musagone naye pamphasa imodzi mpaka mutachira, ndipo kapu yanu ikhale yanuyanu. Kujomba kusukulu kapena kukwaya masiku atatu si mlandu.

Zizindikiro izi zikaoneka musadikire kuti kuche: kubanika, kubaya m'chifuwa, milomo kuda, kusokonezeka mutu, kapena kutentha thupi kumene kunatha n'kubweranso mwamphamvu. Kwa mwana, vulani malaya muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi ali phee. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, akupuma mothamanga. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa, kapena akukomoka, thamangani naye kuchipatala. Nonse muli ndi mafoni kapena mnzanu ali nayo, wotchi yowerengera mphindi ilimo.

Gulu lija ndinakumana nalonso patatha masabata awiri, anthu atachira. Tinagwirizana kuti aliyense ayendere nyumba zitatu zoyandikana naye, aone mabuku a kusikelo ndi kuphunzitsa amayi kuwerenga kapumidwe ka mwana. Anyamata anamanga mpondagiya pakhomo pa nyumba yoonetsera mpira, ndipo mwini wake anavomera kugula sopo koma anakana zoboola windo, akuti anthu azionera ulere. Wapagolo uja ndi amene anabweretsa chigubu. Za windo tikakambirananso nawo Loweruka.