KODI TIFOLERE NYUMBA NDI MALATA CHAKA CHINO?

Abale ndi alongo a ku Nangongwe ndi madera ena a Kafue, chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuti ndalama ya pa banja iyenera kuyamba yagula chakudya ndi mbewu. Komabe denga lodontha nalonso limawononga. Chimanga chikanyowa chimachita chuku, ndipo khoma la zidina likamwa madzi limagwa. Tsono tiyeni tiganize bwino za malata.

Ubwino wa malata

Udzu umafuna kufolera kawirikawiri, ndipo chaka cha chilala udzu wabwino umasowa. Malata okhomedwa bwino amakhala zaka zambiri. Sagwira moto, chiswe sichiwadya.

Malata amatipatsanso madzi. Mvula ya milimita 1 ikagwa pa denga la mita 1 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, imapereka lita 1. Choncho denga la mamita 6 ndi mamita 5, pa mvula ya mamilimita 10, limatsitsa malita 300, kuposa dramu limodzi. Ikani ngalande m'mphepete mwa denga. Mvula yoyamba isiyeni itsuke fumbi ndi zitosi. Vundikirani dramu kuti udzudzu usaswanemo, ndipo madzi akumwa muwiritse kapena muthiremo klorini.

Zovuta zake

Malata amatentha m'mwezi wa October ndipo amazizira mu June. Mphasa kapena mabango oyalidwa kunsi kwake amachepetsa vutoli. Ndiponso mtengo wa denga si wa malata okha ayi. Pali mapulanga, misomali, waya, chonyamulira ndi malipiro a mmisiri.

Pogula, funsani geji. Nambala ikakhala yaing'ono, lata ndi lochindikala: geji 28 imaposa geji 32. Malata opyapyala ndi otsika mtengo, koma amapindika ndi kuchita dzimbiri msanga.

Mafunso anayi musanagule

1. Kodi chakudya chilipo chofika pa kukolola, ndipo mbewu ndi feteleza mwagula?
2. Kodi ndalama ndi yanuyanu? Denga la kaloba limadyetsa ana njala. Musagulitse mbuzi zoswana kapena njinga imene mumapezera ndalama.
3. Kodi khoma ndi lolimba? Ngati lang'aluka kapena pansi pamalowa madzi nthawi ya dzinja, yambani mwakonza maziko.
4. Kodi malowo ndi anu? Ngati mumachita lendi, gwirizanani ndi mwini nyumba pamaso pa mboni.

Mukayankha "ayi" pa funso limodzi, dikirani. Matani podontha, onjezerani udzu, ndipo malata adzabwera chaka china.

Mukayankha "inde"

Gulani pang'onopang'ono mukakolola, kapena kudzera m'chilimba. Sungani malata pouma, osati pa dothi. Folerani mvula isanayambe mu November. Denga likhale lotsetsereka, misomali ikhomedwe pamwamba pa mizere ya lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Mangani mapulanga ku khoma ndi waya. Miyala ndi matayala oikidwa pa denga sizingaletse mphepo yamkuntho.

Pa Luka 14:28 Ambuye Yesu akutikumbutsa kuti womanga amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo. Bambo ndi mayi awerengere pamodzi. Akulu a mpingo ndi amayi a Chigwirizano, pokambirana nkhaniyi m'madera anu, kumbukiraninso amasiye ndi okalamba amene alibe wowafolerera.