Kuyang'anira mphamvu ya makompyuta a boma n'kofunika pa malipiro

Ntcheu, Mana: Malipiro a mphunzitsi wa ku Manjawira m'boma la Ntcheu sakonzedwa pa kompyuta imodzi ayi. Amadutsa m'makompyuta akuluakulu otchedwa ma server, omwe amalumikizidwa kuti azigwira ntchito ngati gulu limodzi. Ndondomeko ya IFMIS, yomwe boma lidakhazikitsa m'chaka cha 2005 pansi pa ofesi ya Accountant General ku Lilongwe, imadalira makina otere.

Mu server iliyonse muli purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse. Pulogalamu iliyonse imene ikuyenda imadyako gawo la mphamvu ya purosesayo, ndipo gawolo limayezedwa m'maperesenti. Pulogalamu imodzi ikatenga pafupifupi mphamvu yonse, zinzake zimadikira pamzere. Apa m'pamene ogwira ntchito m'maofesi amathamangira kunena kuti netiweki yavuta, chonsecho vuto lili kwina.

Katswiri amaona zimenezi pogwiritsa ntchito top pa Linux kapena Task Manager pa Windows, koma zida ziwirizi zimaonetsa kompyuta imodzi yokha. Pa gulu la makina pamafunika mapulogalamu monga Ganglia, yomwe idapangidwa pa University of California ku Berkeley. Iyo imasonkhanitsa ziwerengero za makina onse pamalo amodzi n'kuzisunga.

Kusungako n'kumene kumathandiza akuluakulu a nthambi. Purosesa ikamatanganidwa kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro, palibe chodabwitsa. Koma ikatanganidwa usiku wa Lamlungu maofesi ali otseka, mkulu wa nthambi ayenera kufunsa kuti ndi pulogalamu iti imene ikuyenda ndipo waiyambitsa ndani.