Makina osokera ndiye munda wanga

Amayi anzanga a mumsika, ine kusoka sindinaphunzire kusukulu ayi. Ndinayamba chifukwa cha mwana wanga woyamba.

Anabadwa mu 1994, chaka chimene kwacha inagwa mphamvu, mitengo ya zinthu n'kupenga. Diresi la mwana m'sitolo linali losagulika. Ndinayamba kupempha tizidutswa ta nsalu kwa atelala a pakhonde ku Limbe, n'kumalumikiza pamanja mwana akagona. Kenaka tizipewa, tizidole, tizikwama. Mtima unangokomedwa basi!

Nditagula makina a Singer opalasa ndi mapazi, anzanga ankati kaunjika wadzaza msika, adzasoketsa ndani? Komatu kaunjika yemweyo ndiye amandidyetsa. Malaya akakula ndimabweza, zipi ikafa ndimaika ina. Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza linachotsedwa mu 1993, ndiye azimayi obweretsa mathalauza oti ndibweze sasowa. Nanga zovala zofanana za chitenje za pa chinkhoswe, mungazipeze m'belo?

Inu ogulitsa kaunjika, zong'ambika zotsalira pansi pa belo musamataye. Singano ndi ulusi zimazisandutsa ndalama ya ndiwo.