Khanda Lofulumira Kubadwa: Chalephera N'thupi Kapena Chipatala?

Kodi khanda lobadwa masiku asanakwane limavutika ndi chiyani?

Mimba yokwanira imatenga masabata pafupifupi 40, ndipo lobadwa 37 asanakwane ndilo lafulumira. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse: mwa ana 100 obadwa amoyo, 18 ankabadwa motero.

Chosautsa kwambiri ndi mapapo. Amakhala asanayambe kupanga mokwanira timadzi ta surfactant toletsa timatumba ta mpweya kumatirirana, choncho khanda likamapuma pachifuwa pamabonyoka, timphuno tikutukumuka, kwinaku likubuula. Limazizidwanso msanga, shuga amatsika, ndipo chikasu ndi tizilombo sizichedwa kuligwira.

Nanga kunazale amalithandiza bwanji?

Ku Chatinkha, nazale ya pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, munthu akalowa amamva madzi akubwata m'timabotolo ngakhale palibe moto. Ameneyo ndi Pumani, makina amene akatswiri a ku Rice University ku America anapanga mogwirizana ndi madokotala a pachipatalapo. Pampu yake ndi yonga ya m'mathanki a nsomba zokongoletsera m'nyumba. Imakankha mpweya kudzera m'timachubu ta m'mphuno kuti mapapo asafwaphe, ndipo kuya kwa chubu china m'madzi a m'botolo ndiko kumalamula mphamvu ya mpweyawo. Pakafukufuku wa mu 2012, mwa makanda 100 aliwonse obanika oikidwa pamakinawa anapulumuka 71, pamene mwa olandira okosijeni yekha anapulumuka 44.

Chida china sichilira magetsi: chifuwa cha mayi. Njira ya kangaroo anaiyambitsa Edgar Rey ku Bogotá mu 1978 ataona kuti mabokosi ofunditsira makanda akuperewera, ndipo ku Malawi inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, wochitikira ku Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, anapeza kuti kuyamba kangaroo khanda likangobadwa, osadikira kuti lipeze kaye bwino, kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mayi akatopa, bambo kapena agogo angathe kulimangirira pachifuwa pawo. Chitenje sichisankha mwini.

Kodi chithandizo chenichenicho chingavulaze mwana?

Inde. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, zipatala za ku America ndi ku Ulaya zinkathira okosijeni wochuluka m'mabokosi a makanda poganiza kuti zikuchita bwino, mpaka ana masauzande anachita khungu. Woimba Stevie Wonder, amene anabadwa masiku asanakwane mu 1950, ndi mmodzi mwa iwo. Nthawi imeneyo zinali zosadziwika. Lero zikudziwika, n'chifukwa chake namwino amamangirira kachida kowala mofiira kuphazi kwa khanda kuti aone kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Womulekerera mwana pa okosijeni wambiri kachidako kalipo sangabisale kumbuyo kwa madokotala akale aja.

Ndiye kunyalanyaza kumayambira pati?

Apa mpamene mabanja ndi achipatala amasemphana. Makhoti otsatira malamulo ochokera ku England amayang'ana mlandu wa Bolam wa mu 1957: funso silakuti mwana wachira kapena ayi, koma ngati wachipatalayo anachita zimene anzake odziwa bwino ntchitoyo akanachita. Wodandaula ayeneranso kusonyeza kuti cholakwacho ndicho chinadzetsa vutolo, ndipo apa mpovuta. Ana ambiri olumala ubongo, mwachitsanzo, salumala chifukwa chobanika pobadwa. Ena vuto limayambira m'mimba.

Komabe zina n'zosachita kufunsa. Mayi akakhala kuti matenda akula, mzamba amayenera kumvetsera mtima wa mwana mphindi 30 zilizonse n'kulemba pachipepala chotchedwa partograph. Khanda losapuma liyenera kuyamba kupopedwa mpweya mphindi imodzi isanathe. La chikasu chokwera liyenera kugonekedwa pansi pa nyale zabuluu ubongo usanawonongeke. Chipepala chija chikapezeka choyera maola asanu, pali mlandu woti wina ayankhe.

Wina ndani? Nthawi zina si namwino ayi. Amene wasiyidwa yekha usiku ndi makanda odzaza wodi, magetsi atazima, jenereta ilibe mafuta, kulephera kwake kumakhala ndi eni ake kumaofesi.

Banja lokayikira lingapite kuti?

Poyambira ndi kwa ombudsman wa pachipatala pomwepo. Dandaulo lokhudza dokotala limapita ku Medical Council of Malawi, lokhudza namwino kapena mzamba ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Chipukutamisozi amagamula ndi khoti, ndipo osowa ndalama zolipira loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Kulikonseko adzafuna kuona kabuku ka kusikelo ndi kumva nthawi imene mayi anafika pachipatala, imene anayezedwa koyamba, ndi imene mwana analowa kunazale.