Mankhwala a bawo ali pakamwa, osati m'thumba

Dzuwa likapendeka m'chigwa cha Domasi, geni itazilala, tayang'anani m'makhonde a magolosale pa Songani. Mupeza azibambo ataunjirira thabwa la bawo. Osewera ndi awiri okha, koma alangizi ndiye khumi, aliyense akuloza dzenje lake.

Katswiri akagonjetsa anzake atatu motsatizana, manong'onong'o amayamba: mkuluyu anatemera, ali ndi chithumwa m'thumba. Ena amafika pokana kusewera naye. Koma anthuni, chithumwa chinayamba chawerengapo nkhomo?

Bawo ndi masamu. Thabwa lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo nkhomo zilipo 64. Dzinali ndi lachibale ndi mawu a Chiswahili oti bao, kutanthauza thabwa. Sizodabwitsa kuti masewerowa anazika mizu kuno kwa Ayao, omwe kalelo ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere. Ku Zanzibar akatswiri ake amalemekezedwa zedi, moti mu 1995 Alex de Voogt wa ku Netherlands anatulutsa buku lofufuza momwe mitu yawo imagwirira ntchito. Chomwe anachita nacho chidwi ndi luso lowerengera m'mutu komwe nkhomo yomaliza ikagwere, dzanja lisanakhudze thabwa.

Lusoli silituluka kwa sing'anga. Limachokera kwa aja oimirira kumbuyo aja. Masewero akatha, mmodzi amabwezera nkhomo momwe zinalili n'kumuonetsa wogonja pomwe anaphonya. Wina amamuuza kuti asamathamangire kudya nkhomo zambiri, chifukwa kudya kwina kumatsegulira mdani khomo. Wachitatu amamukumbutsa kuti nyumba saimwaza msanga, amaisunga mpaka nthawi yoti ikolole zambiri, komanso kuti mzere wakutsogolo ukangouma, basi kwatha. Mnyamata yemwe wamva zonsezi kwa chaka amakhala atanyamula nzeru za anthu khumi.

Vuto ndi akatswiri ena oumira. Njira zawo amazibisa ngati ndalama za chipereganyu, ndipo mbiri yoti ngokhwima amaikonda poti imaopseza adani. Mapeto ake amasowa wosewera naye wa msinkhu wawo, luso lawo lomwe n'kuchita dzimbiri. Tsiku lomwe adzatsikire kulichete, njira zija zidzapita nawo limodzi. Achinyamata nawo akaona kuti palibe wowaphunzitsa, amangotembenukira ku pool ndi kubetcha mpira pa foni, komwe kandalama ka geni kamathera.

Inu a pamsika izi mukuzidziwa bwino. Mnzanu akakutsinani khutu za komwe tomato watchipa lero, sindiye kuti iye walephera kugulitsa; mawa ndinu mudzamuuze za mtengo wa matemba ku Kachulu. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ndiye bambo, ngati muli ndi njira yomwe imagwetsa anthu pa bawo, itanani kamnyamata kaja kamangoimirira pambali kaja, mukakhazike pansi. Kakadzakugonjetsani, musadzati kanatemera. Ndinu munakaphunzitsa.