Njinga Yamagetsi ku Chiosya: Liwiro Limadya Batire

Wogulitsa njinga yamagetsi amakonda kutchula zinthu ziwiri: liwiro lake, ndi mtunda umene imayenda batire isanathe. Chimene sanena n'chakuti ziwirizi zimadyana, china chikakwera chinzake chimatsika. Kwa mlimi kapena wakabaza wa ku Chiosya m'boma la Mchinji, amene ntchito yake ndi kufikitsa thumba la mtedza kapena la soya pamsika n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe, chofunika ndi mtunda. Liwiro lopitirira muyeso ndi kutaya ndalama chabe.

Batire ili ngati nkhokwe: zimene zalowamo ndi zomwezo, kutha kwake kumadalira katapidwe. Batire ya ma volt 48 ndi ma amp-hour 15, imene imapezeka pa njinga zambiri zamphamvu, imasunga ma watt-hour 720, osakwana ngakhale yuniti imodzi ya ESCOM. Mdani wake wamkulu ndi mphepo imene wokwera amalimbana nayo kutsogolo. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwa mphepoyo kumawirikiza kanayi. N'chifukwa chake munthu woyenda pa liwiro la makilomita 20 kapena 25 pa ola, uku akuthandizira kupalasa, angathe kuyenda makilomita 60 kapena 70 pamsewu wabwino, pamene woikoka pa makilomita 45 pa ola miyendo ili chete angaime asanakwanitse 30. Manambala olembedwa pakatoni amayesedwa pa tala wosalala, wokwera ali wopepuka, pakaliyala palibe kanthu. Muikepo thumba la makilogalamu 50, mchenga wa m'chilimwe ndi matope a m'dzinja, mtundawo umafupikanso kwambiri.

Wakabaza anena kuti ndalama yake ili m'liwiro, chifukwa wofika msanga amabwerera kudzatenga kasitomala wina. Mawuwa ali ndi nzeru, koma amagwira ntchito pa njinga ya petulo, imene imadzadzidwa pa mphindi ziwiri. Batire ikatha imafuna maola anayi kapena asanu pa chaja, ndiye kuti mphindi zochepa zimene wapulumutsa m'mawa adzazilipira ndi masana onse ali pansi pa mtengo. Palinso za moyo. Njinga yothamanga makilomita 40 pa ola imafuna mtunda wowirikiza kanayi kuti iime poyerekeza ndi ya pa 20, ndipo mabuleki, masipoko ndi mafoloko a njinga zambiri sanapangidwire liwiro lotere pamsewu wa fumbi wodutsa ana asukulu, mbuzi ndi ngolo. Mayiko a European Union anaika malire: mota ya ma watt 250, yosiya kukoka liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Yopitirira pamenepo imawerengedwa m'gulu la njinga zamoto, ndipo imafuna nambala ndi inshuwalansi. Ngati eni misewu yosalala anaona choncho, kuli bwanji ife?

Sindikunena kuti mota yamphamvu ilibe ntchito. Pachitunda, katundu ali kumbuyo, mphamvu imafunikadi. Koma ikhale mphamvu yokokera katundu, osati yothamangira.

Funso lolemera ndi la kotchajira. Pa kalembera wa 2018, mabanja a kumudzi okhala ndi magetsi sanafike ngakhale limodzi pa 10 alionse, ndipo magetsi a ESCOM amazimazima. Tonse tikukumbukira mdima umene unadza namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Komabe petulo nayenso sadalirika, poti mizere ya pamafilingi siteshoni yakhala ikubwerezabwereza kuyambira chaka chomwecho. Yankho likuoneka m'boma lomweli la Mchinji: ku Sitolo kuli malo opangira magetsi a dzuwa a ma kilowatt 80 amene akuunikira midzi. Ku Wedza m'dziko la Zimbabwe, a Mobility for Africa amabwereketsa amayi alimi njinga zamagetsi za matayala atatu zotchedwa Hamba, zosathamanga koma zonyamula katundu wambiri, ndipo batire ikatha amakasinthitsa ndi yodzadza yotchajidwa ndi dzuwa. Makopaletivi a alimi ku Chiosya angaphunzirepo.

Inu amene mukuganiza zogula, musafunse kuti imathamanga bwanji. Funsani ma watt-hour a batire, mtengo wa batire yatsopano yakaleyo ikafooka, ndi kumene kuli makaniko wodziwa kuikonza.